Kutsuka chilonda si kuchiza mwendo

Kwa zaka 6 amalume anga ankavala buluku lalitali ndi sokosi ziwiri kumwendo wamanzere, ngakhale m'Disembala pamene dzuwa la ku Joni limasungunula phula la mumsewu. Ankaphika m'kalesitilanti kena kuno ku Mayfair, chiimire pambali pa moto kuyambira m'mawa mpaka makasitomala omaliza atachoka usiku. Pamwamba pa kakolo, chakum'kati kwa mwendo, padali chilonda. Chidayamba ngati kamalo koyabwa kamene adakanda. Pofika chaka chachitatu chidali chitakula ngati chikhatho changa, khungu lozungulira litada ndi kuuma ngati chikopa cha ng'oma. Tinkagona chipinda chimodzi kuseri kwa nyumba ya eni, choncho fungo lake ndikulidziwa, ndipo nsalu zomangira ndinkachapa ndine.

Kawiri pa sabata ankapita kukiliniki ina. Ankamasula, kutsuka, kupaka mankhwala, kuikapo thonje, n'kuwauza tsiku lobweranso. M'zaka zonsezo palibe adagwira phazi lawo kuti amve ngati magazi akugunda. Palibe adafunsa kuti amaima maola angati pa tsiku. Kenaka tsiku lina wina adangoti, "Bambo, mwendo uwu mapeto ake n'kudula basi." Madzulo amenewo nsima sadaikhudze. Adangondiuza kuti, "Iwe, ine ndidachoka ku Nkhotakota ndi miyendo iwiri. Ndikatsika basi ndi umodzi, ndikawauza chiyani amayi ako?"

Ndalemba nkhaniyi chifukwa chokwiya, ndipo chimene chandikwiyitsa n'chimodzi. Munthu wosauka wa chilonda chosapola amamupatsa zinthu ziwiri zokha, thonje lero ndi mpeni mawa, chonsecho pakati pa ziwirizi pali chithandizo chodziwika bwino, choyesedwa, chimene chimapoletsa zilonda zambiri zotere. Pali kuunika mitsempha, kumanga mwendo moyenera, kutseka mtsempha wowonongeka, ndi opaleshoni yoika khungu pachilondapo. Tazolowera kuganiza kuti opaleshoni yokonza thupi ndi ya anthu olemera, pamene kwa wophika, mlonda ndi telala ndiyo imene imamubwezera kuntchito.

Tiyambe ndi chimene chimachitika m'mwendomo, chifukwa amalume adakhala zaka 6 popanda wowafotokozera. Magazi akatsikira kuphazi amayenera kukweranso mtunda kubwerera kumtima. Chimene chimawakweza ndi katumba. Munthu akamayenda, katumba amafinya mitsempha ngati mmene timapopera mjigo, ndipo m'kati mwa mitsemphayo muli timavavu totseguka mbali imodzi yokha, kuti magazi okwera asabwerere pansi. Amene adakhalapo m'komiti ya mjigo kumudzi akudziwa zimene zimachitika labala wa pansi akatha: umapopa mpaka thukuta, madzi n'kumabwerera m'chitsime. Timavavu ta m'mwendo tikafooka, magazi amadikha kumunsi. Mwendo umatupa madzulo, mitsempha imatukuka ngati zingwe, khungu limada, limauma, kenaka limang'ambika. Zimene zimafooketsa timavavuto ndi monga magazi amene adaundanapo mumtsempha, kuthyoka kapena kuvulala kwa mwendo, mimba zingapo, kunenepa, ukalamba ndi mtundu. Kuima kapena kukhala malo amodzi tsiku lonse kumawonjezera vutolo, chifukwa katumba wosayenda sapopa.

Ndiye onani chifukwa chake kutsuka kokha sikuthandiza. Chilonda chili pakhungu, koma gwero lake lili mumtsempha. Kutsuka tsiku ndi tsiku kuli ngati kukolopa m'nyumba mvula ikugwa, denga likudontha. Wokolopa sakulakwa, koma wina akwere padenga.

Choyamba chimene chiyenera kuchitika n'chotchipa kwambiri. Amayeza BP pakakolo n'kuiyerekeza ndi ya pamkono, kuti adziwe ngati magazi ochokera kumtima akufika bwino kuphazi. Kuyezaku n'kofunika chifukwa zilonda za m'miyendo si zamtundu umodzi. Pali za shuga, pali za mitsempha yotsekeka imene imabweretsa magazi, pali za matenda a sickle cell. Kumanga mothina mwendo umene magazi akuvutika kale kufikako kungathe kuupha. N'chifukwa chake sindikuuza munthu kuti atenge legeni adzimange yekha. Koma akapeza kuti magazi akufika bwino, mankhwala aakulu a chilonda cha mitsempha ndi bandeji yothina, yomangidwa ndi munthu wophunzira, kuyambira m'munsi mwa zala mpaka pansi pa bondo, yothina kwambiri pakakolo n'kumalekerera pokwera. Njira yomanga mabandeji anayi pamwambamwamba idakonzedwa pachipatala cha Charing Cross ku London m'zaka za m'ma 1980, ndipo bandeji yotere imatha kukhala mpaka sabata yathunthu osamasula. Zilonda zambiri zimapola ndi njira imeneyi popanda mpeni uliwonse. Amalume sadamangidwepo chotero ngakhale kamodzi m'zaka 6.

Chachiwiri n'kuunika mitsempha ndi makina a sikani, mtundu womwe uja amaunikira amayi oyembekezera, kuti aone pamene magazi akubwerera m'mbuyo. Ngati wowonongeka ndi mtsempha wa pafupi ndi khungu, amatha kuuchotsa, kapena kuutseka m'kati mwake ndi kutentha kapena ndi mankhwala a thovu, magazi n'kumadzera m'mitsempha ya m'kati. Nthawi zambiri wodwala amapita kwawo tsiku lomwelo. Izi si zongoganizira. Kafukufuku wotchedwa ESCHAR, wa odwala 500 ku England, amene zotsatira zake zidatuluka mu 2004, adapeza kuti pakutha chaka chilonda chidabwereranso kwa anthu 12 pa 100 alionse amene adachitidwa opaleshoni ya mtsempha kuphatikiza bandeji, pamene kwa amene adangomangidwa bandeji yokha chidabwerera kwa 28. Mu 2018 kafukufuku wina, EVRA, wa odwala 450 m'zipatala 20 za ku Britain, adaonetsa kuti kutseka mtsempha msanga kumafulumizitsa kupola: theka la otsekedwa msanga lidali litapola pofika masiku 56, pamene kwa ochedwetsedwa padatenga masiku 82. Kumeneko akuwerenga masiku. Ife tikuwerenga zaka.

Chachitatu ndi cha zilonda zazikulu, zokhalitsa, zimene khungu la m'mbali silingathenso kukumana pakati. Apa ndi pamene pamafunika chigamba. Dokotala amayamba wachotsa mnofu wakufa ndi wouma mpaka pansi pofiira bwino. Kenaka amasenga khungu lopyapyala pantchafu ya wodwala yemweyo, nthawi zina amaliboolaboola ngati ukonde kuti litambasuke, n'kuliyala pachilondapo. Pakapita masiku ngati asanu amatsegula kuti aone ngati lagwira, ndipo pantchafu paja pamapola pokha m'masabata awiri kapena atatu. Ndi nzeru yomwe ija ya kumezanitsa mango. Njirayi ndi yakale kuposa mzinda wa Johannesburg. Mu 1869 dokotala wa ku Switzerland, Jacques-Louis Reverdin, ali ku Paris, adaonetsa kuti tizidutswa ting'onoting'ono ta khungu tikadzalidwa pabala timagwira ndi kuyanga ngati kapinga. Golide amene adabala mzinda uno adapezeka mu 1886, patapita zaka 17.

Pali zilonda zina zochepa zimene pansi pake pauma kotero kuti chigamba chopyapyala sichingagwire, mwina mpaka fupa kapena mtsempha wa kakolo kuonekera. Pamenepo amatenga mnofu wathunthu pamodzi ndi mitsempha yake kuchokera kumsana kapena kuntchafu, n'kulumikiza mitsemphayo ndi ya m'mwendo poyang'anira pa maikulosikopu. Mu 1973 madokotala awiri, Rollin Daniel ndi Ian Taylor, adachita bwino opaleshoni yotere pamwendo ku Melbourne. Ndi ntchito ya maola ambiri, yofuna akatswiri, ndipo sindikunena kuti aliyense wa chilonda aifuna. Komanso chigamba chilichonse chikaikidwa pamwendo umene mtsempha wake sudakonzedwe, ndipo mwiniwake savala sokosi zothina akapola, chilonda chimabwerera. Zonsezi zimayendera limodzi ngati mafuwa atatu.

Dzina la luso limeneli ndilo limatisokoneza. Tikamva plastic surgery timaganiza za akazi a ku Sandton ochepetsa mphuno ndi kukweza mabere, ena mpaka amayesa kuti amaika pulasitiki m'thupi. Mawuwo adachokera ku Chigiriki ndipo tanthauzo lake ndi kuumba. Luso lenilenilo lidakula pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, pamene Harold Gillies ankaumbanso nkhope za asilikali ophulitsidwa ndi mabomba pachipatala cha ku Sidcup, chimene chidatsegulidwa mu 1917. Lidayambira pa anthu wamba ovulala. Mwana wopsa ndi phala, mayi wogwera pamoto ndi khunyu, wakabaza wophwanyika msongolo, wophika wa chilonda chosapola, amenewa ndiwo eni ake a lusoli. Tikamalitcha la anthu olemera tikuthandiza iwo amene amakonza bajeti kutimana popanda kuchita manyazi.

Chowawa n'chakuti ku Mayfair tikufa ndi ludzu mwendo uli m'madzi. Chipatala cha Helen Joseph chili chapafupi pomwepa, kuseri kwa Brixton. Charlotte Maxeke chili ku Parktown, Chris Hani Baragwanath ku Soweto, ndipo zonsezi ndi zipatala zimene yunivesite ya Wits imaphunzitsirako madokotala. Ku Mayfair West kuli Garden City, cha anthu olipira. Makina alipo, akatswiri alipo, mtunda ndi wa thekisi imodzi kapena ziwiri. Chimene chimasowa ndi kalata yochokera kukiliniki yomutumiza munthu kumeneko, ndi kulimba mtima kofika pageti.

Za pageti zimenezi tisabise. Ndime 27 ya malamulo aakulu a South Africa, a 1996, imapereka ufulu wopeza chithandizo cha zaumoyo kwa aliyense, sidanene kuti nzika zokha, ndipo imaletsa kukaniza munthu chithandizo cha mwadzidzidzi. Komabe mu Ogasiti 2022 tidaona Phophi Ramathuba, amene nthawiyo ankayang'anira zaumoyo ku Limpopo, akudzudzula mayi wa ku Zimbabwe ali gone pabedi m'chipatala ku Bela-Bela, kuti alendo akuthetsa chuma cha zipatala. Mwezi womwewo a Operation Dudula ankabweza anthu pageti pa chipatala cha Kalafong ku Pretoria, ndipo mu 2025 mchitidwewu udafalikira m'makiliniki a Johannesburg mpaka khoti lalikulu lidawaletsa mu Novembala chaka chomwecho. Khoti limaletsa, koma mantha satha tsiku la chigamulo. Munthu wa chilonda amafunika kupita sabata ndi sabata kwa miyezi. Akabwezedwa kawiri, kachitatu amangogula thonje kusitolo n'kumadzimanga m'chipinda.

Ndiye pali msampha wina m'malamulo momwemo. Mu 1997, pa mlandu wa Soobramoney, bambo wa ku Durban amene ankafuna makina otsuka impso, khoti la malamulo aakulu lidagamula kuti matenda okhalitsa sali m'gulu la chithandizo cha mwadzidzidzi. Chilonda cha mitsempha ndi matenda okhalitsa. Sichipha lero, choncho chimakhala kumapeto kwa mzere. Chimasanduka chamwadzidzidzi tizilombo tikalowa m'magazi kapena m'fupa, kapena chikasanduka khansa, monga zimachitira zilonda zina zikakhala zaka zambiri. Madokotala amadziwa kuti chilonda cha mitsempha pachokha sichidulitsa mwendo kawirikawiri. Chimene chimadulitsa ndi zaka za kunyalanyaza. Tsono taonani kupusa kwake: chitseko chimatsekedwa pamene munthu akufuna bandeji ndi sikani, n'kutsegulidwa pamene akufuna bedi, magazi, mankhwala a m'diripi ndi sowo.

Ndikudziwa chimene mnzanga wa kuno angayankhe, ndipo sindimunyoza. Adzati agogo ake omwe, nzika yeniyeni, akudikira opaleshoni miyezi ndi miyezi, anamwino ndi ochepa, ndiye mlendo adikire kapena apite kwawo. N'zoona kuti mizere ndi yaitali. Koma ndani akutalikitsa mzerewo? Werengani nokha. Kawiri pa sabata kwa zaka 6 ndi maulendo opitirira 600. Ulendo uliwonse ndi nthawi ya namwino, thonje, magolovesi, mankhwala, ndi malo pabenchi amene akadakhalapo agogo aja. Chilonda chosachizidwa ndicho chimadya chuma cha chipatala, ndipo chimadya chimodzimodzi pamwendo wa Mzulu ndi pamwendo wa Mchewa. Amene akufunadi kufupikitsa mzere ayenera kukhala woyamba kufuula kuti kiliniki iliyonse ikhale ndi kachipangizo koyezera magazi a kuphazi, namwino wodziwa kumanga, ndi lamulo lakuti chilonda chikatha masabata angapo osapola, wodwala atumizidwe kwa akatswiri.

Nanga kupita kwathu? Ambiri amapitadi, mphamvu zikatha. Amakwera basi ya masiku awiri kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete, mwendo uli lende pansi pa mpando, n'kukatsika utatupa ngati mtondo. Ku Malawi zigamba za khungu amaika, pa Queen Elizabeth ku Blantyre ndi pa Kamuzu Central ku Lilongwe, koma akatswiri a luso limeneli ndi owerengeka, ndipo opsa ndi moto ndi ovulala pa ngozi ndiwo amayenera kukhala patsogolo. Mu 2015 bungwe la akatswiri la Lancet lidawerengera kuti anthu 5 biliyoni padziko lapansi sangathe kupeza opaleshoni yabwino, yotsika mtengo, pa nthawi yake. Abale athu ali m'chiwerengero chimenecho. Boma lathu, limene limakondwera ndi ndalama zotumizidwa kuchokera ku Joni, lidziwe kuti miyendo imene imapanga ndalamazo imabwerera kumudzi itaphulika, ndipo kumanga bandeji yothina ndi ntchito imene namwino wa pachipatala chaching'ono angathe kuiphunzira.

Koma mlandu wina ndi wathu, ife eni ake. Chilonda cha amalume chitakana kupola, abale adayamba kunong'ona kuti adaponda mankhwala, kuti wina kumudzi adawachitira nsanje atamanga nyumba ya malata. Ndalama zimene zikadalipira sikani zidapita kwa asing'anga awiri. Mmodzi adatema mphini mozungulira chilondacho, pakhungu lomwe lidali kale losafuna kupola. Ndikumvetsa chifukwa chake timathamangira kumeneko. Sing'anga amakupatsa chifukwa, pamene kukiliniki amakupatsa tsiku lobweranso. Munthu akapanda kuuzidwa za mtsempha, amadzipezera yekha mfiti. Komabe mphini sizikonza vavu, ndipo mlongo wawo wina adakhala zaka osalankhulidwa chifukwa cha mlandu umene sadapalamule.

Timabisanso. Fungo limachititsa manyazi, ndipo wophika amadziwa kuti bwana akaona bandeji, ntchito yatha. Choncho timavala sokosi ziwiri, timakhala kumbuyo kumzikiti ndi kutchalitchi, timati ndi kabala chabe. Ndipo pali chimodzi chimene ndikufuna tichiganizire tonse a m'magulu a WhatsApp a Amalawi kuno. Munthu akamwalira, pofika madzulo mndandanda wa zopereka wayamba, bokosi lapezeka, galimoto yonyamula maliro yakonzeka. Mwambo umenewu ndi wabwino, tisausiye. Koma ndi liti tidasonkherana kuti mnzathu akaunikidwe mwendo, kapena kumugulira sokosi zothina, kapena kumulipirira lendi mwezi umodzi kuti chigamba chigwire ali gone mwendo uli m'mwamba? Timadziwa kutumiza mtembo ku Nkhotakota, koma sitidziwa kuperekeza wamoyo ku Parktown.

Kwa eni masitolo ndi malesitilanti a mu Church Street, a ku Fordsburg ndi ku Oriental Plaza, ambiri mwa inu mumapereka zachifundo mowolowa manja, ndipo ife timaona. Pempho langa ndi laling'ono kuposa zimenezo. Ikani kampando kuseri kwa kauntala. Lolani wantchito ayendeyende kapena akweze mwendo kwa mphindi zochepa. Akapempha theka la tsiku kuti akamangitse bandeji, musamuuze kuti pageti pali ena khumi ofuna ntchito yake.

Amalume adapulumuka mwamwayi. Tsiku lina padabwera namwino wongogwirizira, mayi wachikulire, amene adavula sokosi ya mwendo winawo n'kuona mitsempha yotukuka. Adawafunsa kuti, "Baba, adakuunikanipo mitsempha?" Adalemba kalata. Tidadikira miyezi, tidadzuka usiku kukaima pamzere, tidayankha mafunso a mapepala, koma mapeto ake adaunikidwa pachipatala china cha boma. Adatseka mtsempha umodzi, adawamanga mabandeji kwa miyezi itatu, ndipo chilonda chitachepa ndi kufiira bwino, adasenga khungu pantchafu n'kuikapo. Tsiku limene adamasula, amalume adayang'ana nthawi yaitali osalankhula, kenaka adati, "Ndiye kuti zonse zija zidali zimenezi basi?"

Funso limenelo silindichoka m'mutu. Ntchito ija idali itatha kale, nyumba ya malata idaima pa mawindo, mwana wawo wamkulu adasiyira sukulu pa fomu 2. Lero amavala sokosi yothina m'mawa uliwonse asanaponde pansi, ndipo adzaivala moyo wawo wonse. Amagulitsa zipatso pafupi ndi siteshoni ya Mayfair, atakhala pampando, mwendo uli pakreti.

Ngati muli ndi chilonda pamwamba pa kakolo chimene chatha mwezi osapola, kapena mukuchapa nsalu za munthu amene ali nacho, musakhutire ndi thonje. Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Mukapitanso kukiliniki funsani mwaulemu, koma osabwerera m'mbuyo: kodi magazi akufika bwino kuphazi? Kodi mwendowu sukufunika bandeji yothina? Kodi mungandilembere kalata yokaunikidwa mitsempha? Ndipo wina akatchula za kudula, funsani ngati dokotala wa mitsempha ndi dokotala woika khungu adauona kale mwendowo. Musapite nokha, tengani mnzanu wodziwa Chingerezi kapena Chizulu, ndipo mukabwezedwa pageti, bwereraninso mawa muli atatu.